Amisiri Osaweruka

Ine ndine kalaliki wa Boma. Nchito yanga ndiyo kulandira makalata, kuwalemba m'buku, ndi kuika kalata iri yonse m'faelo yace, mu ofesi ina ya ku Ridgeway muno m'Lusaka. Sindine dotolo ai, ndipo za sayansi zimene ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni kwathu ku Katete zinathera pa kujambula duwa ndi cigaza ca mbuzi. Koma m'caka ca 2022 nthenda inalowa m'nyumba mwanga ku Kabwata, ndipo inandikakamiza kuphunzira zinthu zimene sindinazifune konse. Ndaganiza kuzilemba pano cifukwa ca inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu, pakuti posacedwa ndinu amene mudzaitanidwa kuima pakati pa dotolo ndi makolo anu, kumasulira mau a wina kwa mnzace. Ndaona ndi maso anga kuti womasulira akaperewera, cibale cingathe kupasuka ngakhale wodwalayo atacira.

Mwana wathu waciwiri, wamkazi, anali ndi zaka zitatu. Tsiku lina Loweruka amace pomsambitsa anamva cinthu colimba m'mimba mwace, ca kumanzere, kunsi kwa nthiti. Mwanayo sanali kulira, thupi silinali kutentha, nsima anali kudya bwino ndi kuthamanga ndi anzace pabwalo. Tinapita naye ku kacipatala kena kumene anatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo ife tinabwerera okondwa ndi yankho lapafupilo. Ndibvomere pano kuti masabata 6 anapita ndisanacitepo kanthu kena. Kunali kutha kwa mwezi, nchito inacuruka, ndipo munthu safulumira kufunsa funso limene aopa yankho lace. Pofika tsiku limene diresi lace la ku chalichi linakana kumangika, mimba inali itaturukira kumbali ngati ya mwana amene wabisa papaya m'malaya.

Tsono mwezi umodzi cotupaco cisanaoneke, amai anga anabwera kudzaceza kucokera ku Katete. Anakhala nafe masabata awiri, ndipo madzulo ali onse ndiwo anali kumsambitsa mdzukulu wao ndi kumdzoza mafuta, monga acitira agogo onse. Apongozi anga, amene akhala ku Chelstone, atabwera kudzaona mwana anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anafunsa mwana wao ine ndirikumva, nati, "Kodi iwe, cinthuci cinayamba liti? Si paja atangocoka alendo aja?" Dzina sanachule, koma m'nyumbamo munalibe wosamva. Mau otere ali ndi miyendo. Pasanathe sabata anali atayenda mseu wonse wa Great East, nakafika kwa amai anga kumudzi.

Kucokera ku Kabwata kufika ku cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital, pa Nationalist Road, munthu angathe kuyenda pansi. Ndinambereka mwanayo ndekha m'mawa wina, amace ndi apongozi alikutsata pambuyo. Atamuunika ndi makina oona za m'mimba ndi kumtenga mwazi, dotolo wina wamkazi anatiitanira m'kacipinda natiuza kuti mwana ali ndi khansa ya impso imene igwira ana ang'ono, yochedwa cotupa ca Wilms. Ine ndinafunsa funso limene tonse tinabwera nalo: "A Dotolo, kodi cacokera kuti? Wampatsa ndani?" Iwo anati, "Bambo, palibe amene wampatsa. Mbeu yace inatsala m'menemo pamene impso inali kumangidwa, mwana asanabadwe. Ndi nkhani ya majini." Pomwepo apongozi anaomba m'manja nati, "Mwamva? Ngakhale a cipatala anena kuti ndi majini!" Pakuti kwa iwo, monga kwa akulu ambiri a kwathu, majini ndiyo mizimu yoipa imene munthu atumizira mnzace. Dotolo anali kunena cina, apongozi anamva cina, ndipo ine wophunzira wa pabanjapo ndinangoti kukamwa yasa, wopanda mau omasulira. Manyazi a tsiku lija ndiwo anandituma kuwerenga. Usiku uli wonse pa benchi la kunja kwa wodi ndinawerenga cimene ndinacipeza, ndipo m'mawa ndinabvutitsa madotolo acinyamata ndi mafunso, pokumbuka kuti safunsa anadya phula.

Cimene ndinapeza ndi ici. Thupi la munthu lamangidwa ndi tizipinda tamoyo tating'onoting'ono tochedwa maselo, tosaoneka popanda galasi lokuza zinthu. Tonsefe tinayamba ngati selo limodzi lokha m'mimba mwa amai athu. Selolo linagawika kukhala awiri, awiriwo anai, kunkabe cotero kufikira panaoneka mutu, msana, manja ndi mtima. M'kati mwa selo muli malangizo olembedwa pa kaulusi kochedwa DNA, ndipo langizo liri lonse ndilo jini. Munthu ali ndi majini ngati 20,000. Cimene cinandigwira mtima ine monga kalaliki ndi cakuti selo la m'diso ndi selo la m'impso asunga mafaelo amodzimodzi, osasowa ndi imodzi yomwe. Kusiyana kwao ndi kwakuti lina latsegula mafaelo awa, lina latsegula awo. Nanga ndani amene auza selo kuti, iwe tsegula iyi, tseka iyo, iwe ukhale pfupa, iwe ukhale khungu, iwe ucuruke, iwe leka tsopano? Alipo majini ena amene nchito yao ndi yomweyo. Iwo samanga kanthu ndi manja ao, koma alamulira anzao nthawi ndi malo ogwirira nchito. Ine ndiwacha akapitao.

Akapitao amenewa sanayambe kudziwika mwa munthu ai, koma mwa tinchenche tija tizungulira nthoci zakupsa pa msika wa Kabwata. Ku Heidelberg m'dziko la Germany, Christiane Nüsslein-Volhard ndi Eric Wieschaus anaononga majini a tinchenche tambirimbiri ndi mankhwala, nayang'ana mphutsi zace imodzi imodzi kuti aone imene yabadwa yopotoka. Analengeza zopeza zao m'caka ca 1980. Jini liri lonse analipatsa dzina monga mwa cirema cimene cioneka likaonongeka, cotero lina analicha hedgehog, ndiko kuti kanungu, cifukwa mphutsi yosowa jini limenelo imera timinga thupi lonse. M'caka ca 1995 iwo awiri analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Edward Lewis wa ku America, amene anatha zaka zambiri akuphunzira nchenche zobadwa ndi mapiko anai m'malo mwa awiri. Ndikanamva nkhani imeneyi ndiri pa sukulu ndikanaseka, ndi kunena kuti azungu asowa cocita. Pa benchi lija sindinaseke.

Taonani cimene cinacitika ndi jini limodzi. M'caka ca 1973 wophunzira wina wa ku India, R. P. Sharma, anapeza nchenche zobadwa zopanda mapiko, ndipo jini lace linachedwa wingless. M'caka ca 1982, ku San Francisco, Roel Nusse ndi Harold Varmus anali kufufuza cinthu cosiyana kotheratu, ndico khansa ya m'mawere ya mbewa zoweta. Anapeza kuti kacirombo kena kakalowa m'selo la bere kadzutsa jini limene liyenera kukhala cigonere mwa mbewa yaikulu, ndipo likadzuka cotupa ciyamba. Iwo analicha int-1. Anthu a nchenche anali kwao, anthu a khansa kwao. Koma m'caka ca 1987 kunapezeka kuti int-1 ndi wingless ndi jini limodzi lomwelo, monga zicitika mu ofesi mwathu pamene munthu mmodzi watsegulidwira mafaelo awiri pa maina awiri. Anaphatikiza maina aja kukhala Wnt. Jini limene liyala zigawo za thupi la mphutsi ndi kupatsa nchenche mapiko ace, ndi lomwelo limene libala cotupa likagwira nchito pa nthawi yosayenera.

Musaganize kuti akapitao onse acotsedwa nchito mwana akabadwa. Ena atsala kuyang'anira zokonzakonza. Khungu la m'kati mwa matumbo athu liperepeseka ndi cakudya, ndipo limera latsopano pa masiku owerengeka okha moyo wathu wonse, molamulidwa ndi Wnt yemweyo. Pali jini lina, dzina lace APC, limene nchito yace ndi kuletsa lamulo la Wnt likakwanira. Mwa anthu 10 odwala khansa ya matumbo akulu, ngati 8 apezeka kuti woletsa ameneyu anaonongeka, ndipo maselo amva lamulo lakuti curukani usana ndi usiku popanda wonena kuti basi.

Tsono ndibwere ku impso, pakuti ndiko kunali mtima wanga. Impso iyamba kumangidwa m'sabata lacisanu la pakati, nthawi imene amai ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Kamphukira katuluka m'kamtsempha kena ka mluza ndi kulowa m'kamulu ka maselo anthete amene sanakhale kanthu. Kamphukirako kacita nthambi ngati mtengo, ndipo nsonga iri yonse iitana maselo anthete aja kuti asanduke kasefa kosefa mwazi. Ena asanduka, ena atsala anthete ndi kucurukabe kuti nsonga zamawa zipeze omanga nao. Nchito ipitirira cotero miyezi yambiri kufikira impso imodzi iri ndi tisefa ngati 1,000,000. Pofika sabata la 36 nchito yatha, maselo anthete otsala onse asanduka, ndipo kuyambira pamenepo munthu sapanganso kasefa katsopano kufikira imfa yace.

Mmodzi wa akapitao a nchito imeneyi anapezeka m'caka ca 1990, ndipo popeza anampeza pofufuza nthenda ya ana onga wanga, anamucha WT1, kutenga zilembo za cotupa ca Wilms. M'caka ca 1993 anayesa kucotsa jini limeneli mwa mbewa, ndipo tiana tace m'mimba tinapezeka topanda impso ndi imodzi yomwe. Popanda iye palibe impso. Koma akaonongeka m'kagulu kamodzi kokha ka maselo, kaguluko katsala pakati pa njira: sikatsiriza kusanduka sefa, sikalekanso kukhala kanthete. Timagulu totsalira totere tipezeka mwa khanda limodzi pa makanda ngati 100, ndipo pafupifupi tonse tifota tokha popanda wodziwa. Koma mwa mwana mmodzi pa zikwi zingapo, cirema caciwiri cigwera kagulu komweko, kawirikawiri pa njira ya Wnt ija, ndipo pamenepo kayamba kukula kosaleka. Si ana onse ai amene bvuto lao liri pa WT1. Iye apezeka woonongeka mwa mmodzi kapena awiri pa ana 10. Mwa ena ndi IGF2, jini lokuza mwana m'mimba, limene lilankhula mopitirira muyeso, ndipo mwa ena ndi SIX1 ndi SIX2, amene nchito yao ndi kusunga maselo aja ali anthete. Maina asiyana, koma onsewo ndi a m'gulu lomanga mwana.

Umboni wace uoneka ndi maso. Dotolo wina anandionetsa cithunzi ca cotupa cotere monga cioneka pansi pa galasi. M'kati mwace muli timipope tosatsirizika, tisefa toyambidwa ndi kusiyidwa, minda yathunthu ya maselo anthete, ndipo nthawi zina ngakhale minofu imene iribe nchito m'impso. Ndiyo impso ya mluza imene irikuyesabe kudzimanga m'thupi la mwana woyenda ndi kulankhula. Max Wilms, dotolo wa opaleshoni wa ku Germany, analemba za kusanganizika kumeneku m'caka ca 1899, ndipo iye asanalembe, Julius Cohnheim anali ataganiza kale m'zaka za m'ma 1870 kuti zotupa zicokera ku maselo otsalira a mluza. Anaona utsi, koma moto wace unadzapezeka patapita zaka zoposa 100.

Zonsezi ndinayesa kuzifotokoza kwa alamu anga, mlongo wao wa akazi anga, tsiku lina atabwera ndi cakudya. Iwo ndi mmisiri womanga nyumba, sanapitirire sukulu, ndipo nyumba zingapo za ku Woodlands ndi ku Kabulonga zinadzera m'manja mwao. Ine ndinali kupunthwapunthwa ndi maina acilendo, koma iwo anandidula nati, "Alamu, lekani, ndamva. Tiyese tirikumanga ku Kabulonga, kapitao wataya pulani, njerwa ndi simenti zingobwerabe, ndipo palibe woimba belu loti tiweruke. Anyamata adzangomanga. Khoma pamwamba pa khoma, zenera poyang'ana khoma lina, masitepe osafika kuli konse, mpaka adzagwetsa mpanda wa mnansi ndi kutseka mseu. Amenewo si akuba olowa usiku ai. Ndi amisiri anu omwe, koma sanauzidwe kuweruka." Ine ndinawerenga masabata atatu, iwo anatsiriza nkhani m'mphindi imodzi. Maselo alibe nzeru kapena cifuniro monga anyamata a pa nchito, koma kupatula cimeneco sindinapeze colakwa m'fanizo lao, ndipo madotolo amene ndinawauza sanalitsutse. Ndi mau a alamu anga, osati anga, amene anakalowa m'makutu a apongozi ku Chelstone.

Pamenepo ndinatha kuwerengera masiku monga ticita ndi madeti a pa makalata. Ngati mbeu ya nthendayi inatsala pamene impso inali kumangidwa, ndiye kuti inalimo zaka zitatu amai anga asanakwere basi ya ku Lusaka. Manja ao odzoza mafuta anapeza cinthuco cirimo kale. Ndiponso sicinadze cifukwa ca kanthu kamene amace anadya kapena kulumpha ali ndi pakati, ngakhale iwo anadzizenga mlandu umenewo usiku wambiri. Selo liri lonse pogawika likopera malangizo ace onse, zilembo zoposa 3,000,000,000, ndipo ine amene ndalakwitsapo nambala ya faelo ya zilembo zisanu ndi cimodzi sindingadabwe kuti pena cilembo ciphonyeka. Kapena wina anganene kuti ndi nthenda ya kumtundu, kuti apeze mbali yoiloza cala. Koma mwa ana 100 odwala nthendayi, mmodzi kapena awiri okha ndiwo ali ndi mbale amene anaidwalapo.

Cinthu cina cinandizunguza pa masiku oyamba. Nthenda iri m'mimba, koma anatituma kukajambulitsa cifuwa. Anandiuza kuti cotupa ca Wilms cikakhalitsa citumiza maselo ace m'mwazi, ndipo malo oyamba kumene akamera ndi m'mapapo. Ngakhale kuyenda kumeneku si nzeru yatsopano ya khansa. Mwa mluza maselo ambiri ayenda ulendo: amasuka pa mzere pamene anagwirana ndi anzao, nakwawa kunka kumalo ena kukayamba mafupa a nkhope, minofu ndi mitsempha. Olamulira ulendowo ndi majini monga Twist ndi Snail, amenenso anayamba kudziwika mwa nchenche. M'caka ca 2004 a m'gulu la Robert Weinberg ku Massachusetts anaonetsa kuti maselo a khansa ya m'mawere ya mbewa, akawatsekera Twist, alephera kwambiri kufika m'mapapo. Cotupa ciitananso mitsempha ya mwazi kuti imere kudza kwa ico ndi kucidyetsa, ndi kuitana komweko kumene ciwalo ca mluza ciitana nako. Cifuwa ca mwana wathu cinapezeka coyera. Ndikakumbuka masabata 6 aja ndidziwa kuti sikunali kucenjera kwanga.

Anayamba kumpatsa mankhwala awiri a m'mtsempha kwa masabata anai, kuti cotupa cicepe asanacite opaleshoni. Dzina la ena ndi actinomycin D, ocokera ku tizirombo ta m'dothi, amene Sidney Farber wa ku Boston anayamba kupatsa ana a nthenda yomweyi m'zaka za m'ma 1950. Enawo ndi vincristine, ndipo nditamva kumene acokera ndinapita kukaima pa mpanda wa nyumba yathu. Acokera ku kaduwa kaja ka masamba onyezimira ndi maluwa ofiirira kapena oyera, kamene kwao ndi ku Madagascar koma kamera pali ponse m'Kabwata, ngakhale m'ming'alu ya simenti. Apongozi atamva anakondwa kuti mankhwala a cipatala ndi zitsamba zomwe, ndipo ndinacita kuwagwira dzanja kuti asakathyole ndi kuphika. Pafunika masamba odzaza matumba ambiri kuti apeze kadontho koyengeka, ndipo madzi ophika a duwalo angapweteke mwana osaciza kanthu.

Yesero lalikulu linadza pamene zinthu zinaoneka ngati zakoma. Pakutha pa masabata anai mimba inaphwa, diresi lija linamangika, mwana anayamba kupempha maswiti. Abale anasonkhana m'nyumba mwathu Lamulungu masana, ndipo apongozi anati, "Atate ace a mwana, Mulungu wamva. Mwana wacira, tonse tirikuona. Mpeni ngwa cianinso? Mufuna mwana wamkazi akule ndi impso imodzi?" Akazi anga anayang'ana pansi. Ndinene zoona, mtima wanga unali kumbali ya apongozi, pakuti palibe kholo lifuna kupereka mwana woseka kuti akamng'ambe. Cimene cinandiimika ndi fanizo lija. Mankhwala anapha amisiri ambiri, koma otsalawo sanalandire kalata yoimitsa nchito, ndipo sadzailandira, popeza wowerenga kalatayo ndiye anaonongeka. Tikawasiya adzayambanso pamene analekera. Ndinati, "Amai, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere." Alamu anga anandibvomereza. M'mawa mwace ndinasaina pepala la cilolezo. Ndasaina mapepala zikwi zambiri pa nchito yanga, koma pa limeneli dzanja linanjenjemera kotero kuti dzina langa silinawerengeke bwino.

Pambuyo pace ndinamva kuti pa mphambano yomweyo ndi pamene ana ambiri a kuno kwathu atayikira. Ku maiko a ku Ulaya ana 9 mwa 10 odwala nthendayi acira. Ku Blantyre, pa cipatala ca Queen Elizabeth Central, madotolo atawerenga ana amene anawasamala kuyambira 2006 kufikira 2011 anapeza kuti opulumuka anali pafupi theka lokha. Mankhwala anali omwewo. Cosiyana cinali cakuti ana anafika mocedwa, zotupa zitakula, ena ali oonda ndi njala, ndipo makolo ena analeka cithandizo pakati cifukwa ca kusowa ndalama ya ulendo, kapena poona kuti mimba yaphwa. Kuyambira 2014 zipatala za m'maiko angapo a mu Africa, monga Malawi, Ghana ndi Cameroon, zinagwirizana kutsata njira imodzi ya cithandizo ndi kuthandiza makolo pa ulendo ndi cakudya, ndipo ana otsiriza cithandizo ali bwino anakwera kufika ngati awiri mwa atatu. Ife a ku Kabwata tinali kuyenda pansi kupita ku cipatala. M'wodi mwathu munali mai wina wocokera kutali ku Lundazi, amene anasiya ana ena anai ndi munda wosalimira. Sindingamuweruze akanati athawe, koma anakhala.

Anacotsa impso ya kumanzere pamodzi ndi cotupa cace, ndipo mankhwala anapitirira miyezi ina. Tsitsi linathothoka, linameranso. Pa masiku amenewo ndinafunsa dotolo kuti, popeza akapitao osokerawo adziwika ndi maina, bwanji osapanga mankhwala ongowatseka pakamwa, m'malo mwa awa opha selo liri lonse logawika msanga, labwino ndi loipa lomwe? Anandiuza nkhani ya nkhosa. M'zaka za m'ma 1950 ku Idaho, m'dziko la America, nkhosa zinayamba kubala ana a diso limodzi pakati pa mphumi. Kunapezeka kuti zinali kudya citsamba cina ca kumapiri ziri ndi bere laling'ono, ndipo patapita zaka zambiri kunadziwika kuti ululu wa citsambaco utseka njira ya hedgehog, kanungu uja, amene mwa zina agawa nkhope ya mluza kuti maso akhale awiri. M'caka ca 1996 anapeza kuti njira yomweyo ikakhala cotsegukira ibala mtundu wina wa khansa ya pakhungu. Cotero anapanga mankhwala oitseka, ochedwa vismodegib, amene analoledwa ku America m'caka ca 2012. Athandiza ndithu, koma mkazi wapakati saloledwa kuwamwa konse, pakuti angacite kwa mwana wace conga cimene citsamba cinacita kwa ana a nkhosa. Bvuto ndi limenelo: kapitao amene ufuna kumtseka pakamwa m'cotupa ali pa nchito yoyenera kwina m'thupi lomwelo, makamaka m'thupi la mwana amene akali kukula.

Lero mwana wathu ali m'giredi yoyamba. Impso yace yotsalayo yakula kuposa muyeso wace, monga icita impso ikatsala yokha, ndipo igwira nchito ya ziwiri. Tipita naye kukamuunika pa masiku amene anatilembera, ndipo sindinaphonyepo ndi limodzi lomwe. Iye aonetsa anzace cipsera ca pamimba ngati mendulo. Apongozi asanduka mlaliki wa nkhaniyi ku Chelstone. Akamva za mwana wotupa mimba, kapena wa kadontho koyera m'diso, apita okha kukauza amace kuti asataye masiku, ndipo afotokoza za amisiri osaweruka ngati fanizolo analipeka ndi iwo.

Koma kwa amai anga sananene kanthu. Ndinawalembera amai kalata ya masamba anai m'Cinyanja, kufotokoza zonse ndalemba panozi, ndi kuwerengera miyezi kuti aone okha kuti palibe munthu wanzeru angawaganizire coipa. Mphwanga anawawerengera kawiri. Yankho lao pa foni linali lakuti, "Kodi mwanayo alikudya?" Za kalatayo sanachulepo, ndipo kuyambira caka cija sanapondenso m'Lusaka. Ndikawaitana ati miyendo iwawa, koma ndimva kuti ku maliro a ku Chadiza anapita.

Sukulu zikatsekera mwezi wa August tidzapita ndife, tonse anai. Sabata latha apongozi anabwera ku Kabwata ndi kaphukusi, nakaika pa tebulo ndi kunena kwa mwana wao, osayang'ana ine, kuti, "Ukapereke kwa asewere anga." Muli citenje catsopano ca mamita 6 ndi botolo la mafuta odzola. Ndakaika pamwamba m'sutikesi, ndipo matikiti ndagula kale ku Intercity, a basi yonyamuka m'bandakuca.